Nanga Wamalata ankalira ndi chiyani?

Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 9, ndipo satha kuonera filimu pakamwa pali potseka. Loweruka lina mvula itatitsekera m'nyumba, ndinamuikira pa laputopu filimu yakalekale ya ku America, The Wizard of Oz, yomwe inatuluka mu Ogasiti 1939. Chingerezi chake sichinafike poti n'kutsatira yekha, choncho ndinasanduka womasulira, ngati anyamata aja olankhulira mafilimu m'Chichewa m'nyumba za vidiyo, kungoti nthabwala zawo zija ine ndilibe.

Mayina tinapanga tokha. Chidole chija choopsezera mbalame m'munda, chodzazidwa udzu wouma, mwanayu anachitcha Wamaudzu. Munthu wachitini wonyamula nkhwangwa uja tinamutcha Wamalata. Mkango anakhalabe Mkango. Vuto linabwera nditafuna kumufotokozera chimene aliyense akukapempha kwa Wamatsenga wa ku Oz. Ndinati Wamaudzu akufuna ubongo, Wamalata akufuna mtima, Mkango akufuna kulimba mtima.

"Amalume, ndiye awiriwa akufuna chinthu chimodzi?"

Ndinati ayi, n'zosiyana, koma pofuna kusiyanitsa lilime linandikanika. Sipanapite nthawi yaitali, m'munda wa maluwa ofiira, Wamalata anayamba kulira. Mwana uja anadina yekha batani loimitsa.

"Si mwati uyu alibe mtima? Nanga akulira ndi chiyani?"

Ndinamuyankha momwe timayankhira akuluakulu tikasowa chonena: ona kaye, uzimvetsa kutsogoloku. Iye anapitiriza kuonera. Amene ndinatsalira pa funsolo ndi ine, ndipo chichokereni tsiku limenelo filimuyi ndaibwereza katatu ndili ndekha.

Kwa amene sanaionepo, nkhani yake ndi yaifupi. Dorothy, mtsikana woleredwa ndi Aunt Em ndi Uncle Henry pa famu ina ku Kansas, akunyamulidwa ndi chimphepo cha kavuluvulu pamodzi ndi nyumba ndi kagalu kake Toto, n'kukagwera m'dziko la Oz. Kuti abwerere kwawo, akuuzidwa kuti atsate msewu wa njerwa zachikasu mpaka ku Mzinda wa Emerald, kumene kuli Wamatsenga. M'njira akutola anzake atatu aja. Mfiti ya kumadzulo ikumusaka chifukwa cha nsapato zofiira zimene wavala. Pamapeto zikudziwika kuti Wamatsenga ndi nkhalamba wamba yobisala kuseri kwa katani, ikukoka tizitsulo ta makina otulutsa moto ndi utsi, ndipo Dorothy akudzidzimuka ali pabedi lake ku Kansas.

Anthu ambiri akamamasulira filimuyi amathera pa mfundo imodzi: atatu aja anali nazo kale zimene ankafuna. Wamaudzu anali wanzeru kuyambira pachiyambi, Wamalata anali wachifundo, Mkango anali wolimba mtima osadziwa. N'zoona, ndipo filimuyo imanena yokha zimenezi mosabisa. Koma zimandisiya ndi njala. Zimene ndaona pobwerezabwereza n'zakuti aliyense mwa awiri oyambawo amayendera chinthu chimene mnzake akusaka. Nzeru za Wamaudzu zimayaka ndi chikondi, ndipo chifundo cha Wamalata chimaima pa kulingalira. Filimuyi imaika mutu apa, mtima apo, ngati katundu wa pamsika, kenako n'kumasokoneza yokha mzere umene yajambula.

Tiyambire ku Kansas, chifukwa mbewu zonse zadzalidwa kumeneko. Gawo limeneli analijambula lopanda mitundu, lofiirira ngati chithunzi chakale chosungidwa m'sutukesi, ndipo zambiri za gawoli anatsogolera ndi King Vidor, pamene Victor Fleming, wotsogolera amene dzina lake linalembedwa pa filimuyi, anali atapita kukapulumutsa filimu ina, Gone with the Wind. Dorothy akubwera akuthamanga ndi nkhawa ya galu wake, koma palibe womumvera. Aunt Em ndi Uncle Henry ali kalikiliki kuwerenga anapiye chifukwa makina ofungatira awonongeka. Akuwerengadi, mmodzimmodzi, mwana ali pambali kufuna kutula za kumtima. Kenako akufika Miss Gulch pa njinga, atanyamula pepala la kwa akuluakulu a boma lomulola kutenga Toto. Pepala lili bwinobwino, lamulo lili kumbali yake, ndipo Aunt Em, ngakhale akunena kuti kwa zaka 23 wakhala akulakalaka kumuuza mayiyu zimene amamuganizira, akumeza mawu chifukwa ndi mayi wachikhristu. Kansas ndi dziko limene mutu ukulamulira ndipo mtima wauzidwa kuti ukhale chete. Si kuti anthuwo ndi oipa. Ndi osauka, ndipo mphawi amawerenga anapiye asanawerenge misozi.

Pali munthu mmodzi ku Kansas amene ndimamukonda kuposa onse, ndipo ndi wabodza. Dorothy atathawa pakhomo akukumana ndi Professor Marvel, wolosera wa m'misewu wokhala m'ngolo. Bamboyu akumuuza mwanayo kuti atsinzine, n'kusolola chithunzi m'basiketi mwake, n'kuona nkhope ya Aunt Em. Kenako akuyang'ana m'mpira wake wagalasi n'kunamizira kuti akuona mayi akulira, wagwira pamtima, akugwera pabedi. Dorothy akuliyatsa liwiro kubwerera kwawo. Zonsezi ndi ukathyali, koma taonani zida zake: maso akuthwa, kulumikiza tizizindikiro, kudziwa pamene mtima wa mwana ungakhudzidwe. Ndipo cholinga chake ndi chifundo, kuti kamwana kothawa kwawo kafike pakhomo chimphepo chisanafike. Apa ndi poyamba pamene filimuyi ikusonyeza nzeru zikugwirira ntchito mtima, ndipo amene akusewera malowa ndi Frank Morgan, yemweyo amene kutsogolo akukhala Wamatsenga.

Tsopano Wamaudzu. Tikumupeza atapachikidwa pamtengo pa mphambano, ndipo Dorothy atasokonezeka kuti alowere kuti, iye akuloza uku, kenako uko, kenako mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Akuti satha kusankha chifukwa alibe ubongo. Koma mphindi yomweyo, Dorothy atalephera kumutsitsa, ndi iye amene akuti apinde msomali wakumbuyo kuti apulumuke. Pa mitengo ya maapozi yolusa ija, imene ikukana kuti Dorothy athyole zipatso, ndi iye amene akuitukwana dala kuti ipse mtima n'kuyamba kuwagenda ndi maapozi omwewo. Kunyumba ya mfiti, atazingidwa ndi asilikali, ndi iye amene akukweza maso n'kuona chingwe chomangira chinyale cha makandulo cholendewera kudenga, n'kugwira dzanja la Wamalata kuti nkhwangwa idule chingwecho.

Wina anena kuti basi, ndi umboni wakuti anali ndi nzeru. Inde. Koma ndinatenga pepala n'kulemba nthawi iliyonse imene Wamaudzu akutulukira nzeru, ndipo pafupifupi paliponse pali Dorothy: Dorothy akuvutika ndi msomali, Dorothy ali ndi njala, Dorothy watsekeredwa, Dorothy wazingidwa. Ali yekha pamtengo paja, masiku onsewo, sanaganizepo za msomali. Akhwangwala ankamutera paphewa n'kumamuzula udzu iye ali phee. Nzeru zinabwera tsiku limene anapeza munthu womudera nkhawa. Ndipo chinthu chimodzi chokha chimene iye akunena kuti amachiopa ndi moto, koma akutsatira mtsikanayu mpaka kukhomo la mfiti imene yamuponyera kale moto panjira. Kuwerengera phindu ndi kutayika sikungamufikitse kumeneko munthu waudzu.

Zoloza mbali ziwiri zija zinandikumbutsa nkhani ina ya zachipatala. Mu 1994 dokotala wa zaubongo Antonio Damasio anatulutsa buku lofotokoza za odwala amene anavulala mbali ya kutsogolo kwa ubongo, pamwamba pa maso. Anthuwa nzeru za m'kalasi zinali zosakhudzidwa: ankawerengera bwino, ankakumbukira, ankatha kufotokoza ubwino ndi kuipa kwa chinthu chilichonse. Chimene chinazilala ndi kukhudzika mumtima. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: ankalephera kusankha. Mmodzi anapatsidwa masiku awiri kuti asankhepo lodzabweranso kuchipatala, ndipo anatha pafupifupi theka la ola akuyeza tsiku ili ndi ilo, nyengo, maulendo, zochitika zina, osafika pamapeto. Munthu woloza uku ndi uko pa mphambano sakusowa ubongo ayi. Akusowa chinthu chomukokera mbali imodzi. Wamaudzu anadziyeza matenda molakwika. Ankayenera kukhala pamzere umodzi ndi Wamalata.

Wamalata ndiye amandigwira kwambiri. Tikumupeza ataima chilili m'nkhalango, nkhwangwa ili m'mwamba, dzimbiri litamugwira mfundo zonse. Akuti pafupifupi chaka chapitacho ankadula mtengo, mvula inayamba, ndipo anauma pomwepo. Pakamwa pomwe sipatseguka. Mawu ake oyamba akutuluka m'mano, kupempha kachitini ka oilo. Atamudontheza oilo akuuza Dorothy kuti agogode pachifuwa, ndipo mukumveka phokoso la mgolo wopanda kanthu. Wokhoma malata anaiwala kuikamo mtima.

Koma m'gulu lonselo wolira ndi iyeyu. M'munda wa maluwa a popi, maluwa aja amene amapangira mankhwala ogonetsa, Dorothy ndi Mkango akugwa ndi tulo chifukwa ali ndi magazi ndi mnofu. Otsala ali maso ndi awiri okha osapuma mpweya, mutu ndi mtima, ndipo onse awiri akulephera kumunyamula mwanayo. Wamalata akuyamba kulira, Wamaudzu akumudzudzula kuti achita dzimbiri. Pamwamba pa miyala, akuyang'ana nyumba ya mfiti, akuliranso, ndipo Wamaudzu akumukumbutsa kuti kachitini ka oilo sanakatenge. Ndikuona kuti apa opanga filimuyi anagwira chinthu chenicheni. Misozi ya Wamalata ndi umboni wa mtima wake, komanso ndi chinthu chomwecho chimene chimamuumitsa. Aliyense amene anakhalapo pa maliro a munthu wake weniweni akudziwa zimenezi: pamafika poti chisoni chimakugwira mfundo, sutha kudzuka, sutha kuyankha, ndipo pamafunika wina wamutu wozizira wokayang'ana za bokosi, za galimoto, za ufa. Munthu ameneyo si wouma mtima. Ndi amene wanyamula kachitini ka oilo.

M'buku limene filimuyi inachokera, lolembedwa ndi L. Frank Baum mu 1900, muli zinthu ziwiri zimene filimu inasiya, ndipo ndimadandaula nazo. Choyamba ndi mbiri ya Wamalata. Kumeneko iye anabadwa munthu wamba, wodula mitengo, ndipo anakonda mtsikana. Mfiti inalodza nkhwangwa yake, n'kuyamba kumudula yekha: mwendo, mwendo wina, manja, mutu, ndipo nthawi iliyonse wokhoma malata ankamuikira chiwalo chachitini. Pomaliza nkhwangwa inang'amba thunthu pakati, mtima n'kutayika, chikondi chija n'kuthera pomwepo. Munthu anadulidwa ndi chida chake cha ntchito, pang'onopang'ono, akugwirira ntchito ukwati umene pamapeto sanaufunenso. Sindikufuna kuwonjezerapo mawu. Aliyense amene ali ndi mbale amene anapita kutali kukasaka ndalama za banja n'kubwerako mlendo m'nyumba mwake amva yekha.

Chachiwiri ndi kachilombo. M'bukumo Wamalata akuponda kachikumbu mwangozi, n'kulira mpaka nsagwada kugwirana ndi dzimbiri. Kuchokera pamenepo akuyenda maso ali pansi, kudumpha nyerere iliyonse. Chifukwa chimene akupereka ndi chimene chinanditsegula maso: akuti anthu okhala ndi mitima ali ndi chowatsogolera, koma iye popeza alibe, ayenera kusamala kwambiri. Taonani bwino. Chifundo chake sichikungotumphuka chokha ngati kasupe. Ndi chinthu choganizira, chotsatira mfundo: ndilibe mtima, choncho ndikhoza kupweteka ena osadziwa, choncho ndiyang'ane pamene ndikuponda. Uku ndi kulingalira kwa munthu wamutu wabwino. Wofuna mtima uja akukhala wachifundo kuposa onse chifukwa sadalira mtima wake. Ife amene timati tili ndi mitima yabwino ndi amene timaponda anzathu tikumwetulira.

Pali nkhani ya kuseri kwa kamera imene sindingaidumphe. Woyamba kujambulidwa akusewera Wamalata anali Buddy Ebsen. Pofuna kuti aoneke wachitini ankamupaka fumbi la aluminiyamu kunkhope, ndipo fumbilo linamulowa m'mapapo mpaka anagonekedwa m'chipatala akulephera kupuma. Kampani ya MGM, yopanga filimuyi, inangomuchotsa n'kuikapo Jack Haley, n'kusintha fumbi kukhala phala lopaka. Margaret Hamilton, amene anasewera mfiti, anapsa kunkhope ndi padzanja pojambula gawo lina la moto. Filimu yophunzitsa za mtima inapangidwa m'fakitale yowerenga anapiye.

Mkangano wa mutu ndi mtima ndi wakale kuposa Hollywood. Plato, ku Athens zaka zoposa 2,300 zapitazo, anayerekeza moyo wa munthu ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo awiri, wina womvera wina wopulupudza, ndipo woyendetsa ndi nzeru. David Hume wa ku Scotland, mu 1739, zaka 200 ndendende filimuyi isanatuluke, anatembenuza ngoloyo: iye ankati nzeru ndi kapolo wa zilakolako za mtima, ntchito yake ndi kuzipezera njira basi. Pakamwa, filimuyi ili kumbali ya Plato. Wamatsenga ponyamuka pa chibaluni chake akusiya ufumu m'manja mwa Wamaudzu chifukwa cha ubongo wake, Wamalata ndi Mkango n'kukhala omuthandiza. Koma m'zochitika zake ili kumbali ya Hume, ndipo umboni waukulu ndi ndowa ya madzi.

Taganizani mmene mfiti ikufera. Wamatsenga wawatuma kuti akabwere ndi tsache lake. Pali mapulani, pali kuvala mayunifolomu a asilikali, pali nkhwangwa yothyola chitseko, pali chinyale chija. Zonsezi zikungowagulira mphindi zochepa, ndipo pomaliza azingidwa pakona. Mfiti ikuyatsa tsache pa muuni n'kukoleza mkono wa Wamaudzu. Dorothy, osaganiza n'komwe, akutola ndowa ya madzi n'kukhuthula kuti azimitse mnzake, madzi ena n'kugwera mfiti, mfiti n'kusungunuka. Palibe amene ankadziwa kuti madzi ndiwo mankhwala ake. Dorothy mwiniwake akupepesa kuti sanachitire dala. Mdani wamkulu wa filimu yonse akugonja ndi dzanja la mwana wofuna kupulumutsa mnzake.

Madzi amenewa ndawaganizira kwambiri. Ndi omwewo amene anaumitsa Wamalata chaka chathunthu, omwewo amene amatsika m'maso mwake n'kumutseka nsagwada. Kwa mtima ndi dzimbiri, kwa mutu umene ukupsa ndi chipulumutso, kwa nkhanza ndi imfa. Wofuna kumasulira zizindikiro za m'filimu amalakalaka kuti chinthu chilichonse chikhale ndi tanthauzo limodzi, madzi akhale chisoni, moto ukhale mkwiyo, tikhome ndi msomali. Filimuyi siilola. Chinthu chimodzi chikupha ndi kupulumutsa malinga ndi amene chamugwera. N'chifukwa chake sindigwirizana kwenikweni ndi kumasulira kuja kotchuka kwa Henry Littlefield, mphunzitsi amene mu 1964 analemba kuti nkhani ya Baum ndi fanizo la ndale za ku America: Wamaudzu ndi alimi, Wamalata ndi antchito a m'mafakitale, Mkango ndi wandale William Jennings Bryan, msewu wachikasu ndi golide, nsapato ndi siliva, pakuti m'buku nsapatozo n'zasiliva, zinafiira m'filimu kuti ziwale bwino pa Technicolor, njira yojambulira filimu ya mitundu. N'zokoma kumva, ndipo mwina muli choonadi pang'ono. Koma ukangomaliza kugawa mayina choncho, nkhani imafa ngati gulugufe wobayidwa ndi singano.

Gawo limene ndimaseka nalo kwambiri ndi la mphatso. Toto atakoka katani n'kuulula nkhalamba ija, Dorothy akuikalipira kuti ndi munthu woipa, ndipo iyo ikudziteteza kuti ndi munthu wabwino, kungoti matsenga ndiwo satha. Kenako ikutsegula thumba. Kwa Wamaudzu ikuti kwawo kuli anthu a m'mayunivesite amene alibe ubongo woposa wake, koma ali ndi chinthu chimodzi chimene iye alibe: dipuloma. Ikumupatsa pepala. Wamaudzu akuika chala pachipumi, nkhope ili ndii, n'kulakatula lamulo la masamu lomveka ngati la Pythagoras. Amene anadutsa kusekondale amvetsere bwino: n'lolakwika. Lamulo la Pythagoras limanena za chinthu cha mbali zitatu chokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Iye akunena za cha mbali ziwiri zofanana, ndipo mawerengedwe ake ndi osokonekera. Munthu amene filimu yonse sanalankhulepo chopusa, chinthu choyamba kutuluka m'kamwa mwake atalandira pepala ndi zopanda mutu zovala suti. Kaya olemba anachitira dala kaya ayi, nthabwalayo imagwira, ndipo kwathu kuno, kumene munthu wodziwa ntchito amabwezedwa pageti chifukwa alibe satifiketi, sifunika womasulira.

Mkango akulandira mendulo. Wamalata akulandira mtima, koma tayang'anitsitsani: ndi wotchi. Wotchi yofiira yooneka ngati mtima, yolira kuti tiki tiki. Pa zinthu zonse za padziko, chizindikiro cha chikondi chikukhala makina owerengera nthawi, chida cha mutu chenicheni. Ndipo nkhalambayo ikuwonjezera mawu awiri. Oyamba ndimawavomereza: ikumuchenjeza kuti ali ndi mwayi kusakhala ndi mtima, chifukwa mitima imasweka. Achiwiri ndimakana: ikuti mtima suyezedwa ndi mmene iwe umakondera ena, koma ndi mmene ena amakukondera. Mawuwa anthu amawalemba pa Facebook ngati nzeru zakuya, koma kumbukirani amene akuwanena. Ndi munthu amene wakhala zaka akudya za mzinda wonse chifukwa cha mmene anthu amamuonera. Kwa iye chilichonse ndi mbiri: nzeru ndi pepala, kulimba mtima ndi mendulo, chikondi ndi kuwomberedwa m'manja. Ndikudziwa amayi amene anasamala odwala zaka zambiri popanda wowathokoza, ndipo pa sikelo ya Wamatsenga iwowa alibe mtima. Wamalata mwiniwake akumutsutsa posakhalitsa. Potsanzikana ndi Dorothy akunena kuti tsopano wadziwa kuti ali ndi mtima, chifukwa ukusweka. Wotchi ija sinamuuze kanthu.

Ndibwerere ku lilime langa lija linakanika. Ndaona kuti vuto silinali kusadziwa kwanga Chingerezi. Chichewa sichidula munthu pamalo pamene filimuyi ikumudula. Kwa ife mtima umaganiza. Munthu akamalingalira yekha timati akulankhula chamumtima. Wolephera kusankha, ngati Wamaudzu pa mphambano paja, timati ali ndi mitima iwiri. Wofuna kuganiza bwino timamuuza kuti akhazike mtima pansi, kapena augwire mtima. Wogonja wataya mtima, wolapa watembenuka mtima, wopanda mantha ndi wolimba mtima, wankhanza ndi wouma mtima. Nkhani yonse ya Oz itasimbidwa pamoto m'mudzi, atatu aja akanakhala akusaka chiwalo chimodzi: wina kuti chikhale chimodzi, wina kuti chifewe, wina kuti chilimbe. Ndipo m'Baibulo lathu, Solomo atapempha luntha loweruzira anthu, chimene anapatsidwa ndi mtima wanzeru. Si ife tokha. Aigupto akale pokonza mitembo ankachotsa ubongo n'kuutaya, mtima n'kuusiya m'thupi, ndipo Aristotle ankakhulupirira kuti ntchito ya ubongo ndi kuziziritsa magazi basi.

Ndisanamizire kuti makolo athu anadziwa zonse. Nafenso tili ndi mutu: timati uyu mutu wake umagwira, uyu akulankhula zopanda mutu, ndipo mtsikana akakonda munthu wolakwika azakhali amamuuza kuti asatengeke ndi mtima. Mpanda ulipo. Kungoti ndi mpanda wa udzu, wodutsika, pomwe filimuyi ikuyamba ngati yamanga wa njerwa. Ndipo mwina chimene chaisunga zaka zoposa 80 n'chakuti ikamayenda imagumula njerwazo imodziimodzi. Itatuluka siinabweze msanga ndalama zimene MGM inawononga, ndipo mphoto yaikulu ya Oscar chaka chimenecho inapita kwa Gone with the Wind, ngakhale nyimbo ija ya utawaleza imene Judy Garland, wosewera Dorothy, anaimba ali ndi zaka 16 inapambana mphoto ya nyimbo yabwino koposa. Inadzakhala filimu ya m'nyumba iliyonse ku America itayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema kuyambira 1956, ana akuionera ndi makolo awo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri anafunsa funso lomwe lija la mwana wa mlongo wanga.

Pali kamphindi kena kumapeto kamene ndinkakadumpha nthawi zonse. Chibaluni chitapita osamutenga Dorothy, Glinda, mfiti yabwino ya ku Oz, akumuuza kuti mphamvu yobwerera kwawo anali nayo nthawi yonseyi m'nsapato zake. Wamaudzu, dipuloma ili m'manja, akudandaula kuti akanayenera kumuganizira zimenezi. Wamalata, wotchi ili pachifuwa, akuti akanayenera kuzimva mumtima. Glinda akuwakana onse awiri: mwanayo anayenera kuzipeza yekha. Mutu wavomerezedwa ndi pepala, mtima wavomerezedwa ndi mphatso, ndipo pa funso limodzi limene linayambitsa ulendo wonse, onse awiri angoti kakasi. Kunena zoona Glinda amandikwiyitsa apa. Munthu wamkulu wodziwa njira n'kumusiya mwana akasautsidwe ndi anyani a mapiko kuti aphunzire, kwathu tikanamuitanira ku bwalo. Ndiponso sindikonda kuti filimu inasandutsa zonse maloto, pomwe m'buku Oz ndi dziko lenileni. Koma maloto amenewa ali ndi phindu limodzi: Ray Bolger, Jack Haley ndi Bert Lahr, osewera Wamaudzu, Wamalata ndi Mkango, ndi omwenso akusewera antchito atatu a pa famu, Hunk, Hickory ndi Zeke. Ndiye kuti Wamaudzu ndi Wamalata akhala akukangana mkati mwa mwana mmodzi amene wagona atamenyedwa ndi windo m'mutu.

Potsanzikana, Dorothy akupsompsona Wamalata, akupsompsona Mkango, kenako akufika pa Wamaudzu n'kumunong'oneza kuti amene adzamusowe koposa ndi iyeyo. Mawu achikondi kwambiri m'filimu yonse akupita kwa mutu.

Apa mwana wa mlongo wanga anakwiya. Anati si chilungamo, Wamalata wamva, ndipo ayambanso kulira. Mvula inali itakata, amayi ake akumuitana kuti akasambe, koma anakana kudzuka mpaka nditabweza filimu pang'ono kuti tione ngati pali amene watsala ndi kachitini ka oilo Dorothy akapita.